Lipoti la nkhani: mitsempha yobwerera inabisa yopita pa MRA ya miyendo ya wodwala shuga amene anali ndi chilonda kuphazi

Nkhani iyi ndi ya wodwala amene anajambulidwa kawiri pa makina a MRI, masiku awiri otalikirana, chifukwa ulendo woyamba zithunzi za m'munsi mwa bondo zinakanika kuwerengeka. Makina anali abwinobwino, ndipo kontrasiti, mankhwala obaya amene amawalitsa mitsempha pa chithunzi, inalowa yonse. Chimene chinalakwika kwambiri ndi nthawi: kubaya kunakonzedwa motsatira mmene magazi amafikira mu aorta, mtsempha waukulu wochokera kumtima, pomwe funso la dokotala linali pa mwendo wotupa umene magazi ake ankabwerera msanga kuposa mmene tebulo loyenda la makina likanathamangira.

M'lipotili, "mitsempha yopita" ndi imene imachotsa magazi kumtima kupita nawo kumiyendo, ndipo "mitsempha yobwerera" ndi imene imawabweza kumtima. Pa MRA ya miyendo, kutanthauza kujambula mitsempha ya magazi ndi makina a MRI, timafuna yopitayo yokha.

Wodwala ndi chifukwa chimene anatumizidwira

Ndi bambo wa zaka 68, wolemera makilogalamu 70, amene wakhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri ndipo ankasuta fodya kale. Anabwera ndi chilonda pa chala chachikulu cha phazi lamanzere chimene chinatha miyezi itatu osapola. Phazi linali lofiira ndi lotentha mpaka pa kakolo, ndipo usiku ululu unkamudzutsa moti ankagona atalendeweretsa mwendo pansi. Kugunda kwa magazi kunkamveka m'mphechepeche mbali zonse, koma pa phazi lamanzere kunalibe.

Muyeso woyerekeza kuthamanga kwa magazi pa kakolo ndi pa mkono, wotchedwa ABI, unatuluka 1.45 kumanzere. Nambala yoposa 1.4 sitanthauza kuti magazi akuyenda bwino. Imasonyeza kuti makoma a mitsempha auma ndi kashiamu moti lamba wa BP akulephera kuwafinya, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa odwala shuga. Pa chala, pamene mitsempha siuma chotero, muyeso unali 28 mmHg, ndipo chilichonse chochepera 30 chimasonyeza kuti chilonda n'chovuta kupola popanda kutsegula njira ya magazi. Sikani ya ultrasound inaonetsa kupapatiza m'ntchafu, koma m'munsi mwa bondo kashiamu yemweyo ankatchinga mafunde. CT ikanakumana ndi vuto lofanana, chifukwa kashiamu amawala ngati kontrasiti ndipo m'mitsempha ya mamilimita awiri kapena atatu sungasiyanitse khoma ndi njira. MRI siona kashiamu motero, n'chifukwa chake inasankhidwa.

Funso la dokotala wa opaleshoni ya mitsempha linali lolunjika: mwa mitsempha itatu ya m'munsi mwa bondo, anterior tibial, posterior tibial ndi peroneal, ndi uti umene uli wotseguka mpaka kuphazi?

Impso zinayezedwa kaye. eGFR, muyeso wa mmene impso zikusefera magazi, inali 48. Matenda oumitsa khungu ndi ziwalo zina a nephrogenic systemic fibrosis, amene mu 2006 anagwirizanitsidwa ndi gadolinium, chitsulo chimene chili mu kontrasiti ya MRI, amaopsa makamaka kwa odwala a eGFR yochepera 30, amene ali pa dayalisisi, kapena amene impso zawo zaima mwadzidzidzi, ndipo anaoneka kwambiri ndi mankhwala a gadolinium a mtundu wotchedwa linear. Apa tinagwiritsa ntchito gadoterate, wa mtundu wa macrocyclic, wa mphamvu ya 0.5 mmol pa mililita. Metformin, mankhwala a shuga amene wodwalayo amamwa, sanaimitsidwe, popeza pa mlingo wamba wa gadolinium sipafunika kutero.

Kujambula koyamba: jakisoni mmodzi, masiteshoni atatu

Njira yoyamba inali ija yothamangitsa kontrasiti ndi tebulo loyenda, imene inayamba kufala cha mu 1998, patapita zaka zochepa Martin Prince atafotokoza mu 1994 kujambula aorta ndi gadolinium. Thupi kuyambira pa impso mpaka pa kakolo limagawidwa m'masiteshoni atatu: mimba ndi chiuno, ntchafu, kenako akatumba. Siteshoni iliyonse imatenga masentimita 40 mpaka 50, ndipo zimalowana pang'ono m'mphepete kuti pasakhale mpata. Amayamba ajambula masiteshoni onse popanda kontrasiti, chithunzi chimene timachitcha masiki, kenako amabaya n'kujambulanso, ndipo kompyuta imachotsera masiki kuti patsale mitsempha yokha.

Makina anali a 1.5 tesla. Kanyula ya 20G, kachubu kolowetsera mankhwala mumtsempha, inaikidwa mkati mwa chigongono cha mkono wamanja. Timakonda wamanja chifukwa mtsempha wobwerera wa kumanzere, brachiocephalic, ndi wautali ndipo umadutsa pakati pa fupa la pachifuwa ndi mitsempha yochokera ku aorta. Kwa okalamba umatha kufinyika pamenepo, kontrasiti n'kuchedwa kapena kubwerera m'khosi.

Mlingo unali 0.2 mmol pa kilogalamu, kutanthauza mamililita 28, ndipo pampu inabaya magawo awiri. Mamililita 14 oyamba analowa pa liwiro la 1.5 pa sekondi, omwe ndi masekondi pafupifupi 9. Mamililita 14 otsalawo analowa pa 0.5 pa sekondi, masekondi 28. Pambuyo pake panabwera madzi amchere mamililita 20 pa liwiro lomalizalo. Maganizo a kubaya kotere ndi akuti gawo lofulumira liwalitse aorta msanga, ndipo gawo lapang'onopang'ono lisunge kontrasiti m'mitsempha yopita mpaka tebulo lifike kwa akatumba.

Nthawi inayenda chonchi, kuwerengera kuyambira pamene pampu inayamba. Pa sekondi 21 kontrasiti inaoneka mu aorta pa zithunzi zoonera pompopompo. Kuuza wodwala kuti agwire mpweya ndi kusintha sikwensi, ndondomeko ya kajambulidwe ka makina, kunadya masekondi 4, choncho siteshoni yoyamba inayamba pa 25 n'kutha pa 39. Tebulo linayenda masekondi 5. Ntchafu zinajambulidwa kuyambira 44 mpaka 57. Tebulo linayendanso, ndipo akatumba anayamba kujambulidwa pa sekondi 62.

Masiteshoni awiri a kumtunda anatuluka bwino. Aorta ndi mitsempha ya m'chiuno ya iliac inali yotseguka, yokhala ndi timabampu tochepa m'makoma. Mtsempha wa m'ntchafu wa superficial femoral wa kumanzere unali wopapatiza kwambiri pa kachigawo ka masentimita atatu, pamalo pamene umadutsa mu ngalande ya adductor, komwe kuli malo ake ozolowereka. Koma pa siteshoni yomweyo panali kale chenjezo: mtsempha wobwerera wa femoral wa kumanzere unali utayamba kuwala, wa kumanja uli wakuda. M'ntchafu izi sizivuta, chifukwa wobwererayo ndi mmodzi, wamkulu, ndipo umadziwika.

Kwa akatumba nkhani inali ina. Kumanja mitsempha itatu inaoneka bwinobwino. Kumanzere kunali chipwirikiti cha mizere yowala, yolukanalukana, kuphatikizapo mitsempha ya pansi pa khungu ndi ya m'minofu. Kuwonjezera apo, wodwalayo anasuntha phazi pakati pa masiki ndi chithunzi cha kontrasiti chifukwa cha ululu, ndiye kuchotsera kunasiya mizere ya m'mphepete mwa mafupa kuyambira pa kakolo kutsika.

Chifukwa chimene mitsempha yobwerera imasokonezera kwambiri m'munsi mwa bondo

Mtsempha wopita uliwonse wa m'munsi mwa bondo umayenda ndi yobwerera iwiri, wina uku wina uku, yomamatirana nawo ndipo nthawi zambiri yokulirapo. Ikawala, chithunzi cha MIP, chimene chimaunjika zowala zonse pa pepala limodzi, chimaonetsa mzere umodzi wonenepa. Mzerewo ukhoza kukhala wopita ndi anzake awiri, kapena yobwerera iwiri yokha itakumbatira wopita wotsekeka. Kulakwitsa kwake n'koopsa mbali zonse: mungauze dokotala kuti njira ilipo pomwe palibe, kapena kulephera kuona kupapatiza kumene kwabisika.

Kwa wodwala uyu, MIP inkaonetsa ngati posterior tibial ya kumanzere ndi yotseguka mpaka pa kakolo. Titabwerera ku zithunzi zenizeni n'kuzidula mopingasa, m'malo ambiri munkaoneka timadontho tiwiri towala, pakati pake pali pakuda. Chimenecho ndi chizindikiro cha yobwerera iwiri ndi wopita wakufa. Koma m'malo ena madontho ankagundana moti sitikanalumbira. Lipoti loti "mwina" silithandiza munthu amene akufuna kudziwa polowetsa waya.

Kwa anthu ambiri kontrasiti imatsika mwendo mofulumira, masekondi asanu mpaka asanu ndi awiri pa siteshoni iliyonse, pomwe makina amafuna masekondi 15 mpaka 20 kuti ajambule siteshoni n'kusuntha. Ndiye tebulo silithamangitsa kontrasiti kwenikweni. Limatsalira m'mbuyo nthawi zonse. Njirayi imagwira ntchito chifukwa mwa munthu wopanda chilonda, kontrasiti yoyamba imamwerera m'minofu ndipo mitsempha yobwerera imatenga mphindi kapena kuposerapo isanawale. Mwendo wotupa suchita chotero. Timitsempha ting'onoting'ono ta pa chilonda ndi pa khungu lofiira timakhala totseguka kale, ndipo odwala shuga amene minyewa yawo ya kumapazi inawonongeka amakhala ndi tinjira tachidule tolumikiza yopita ndi yobwerera. Magazi amangodutsa. Mpata umene tinkadalira umachepa kufika pa masekondi owerengeka, ndipo umachepa mwendo womwewo umene tikufuna kuona.

Apa pafunika kunena za k-space, malo amene makina amasungamo zimene ayeza zisanasanduke chithunzi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse ya nthawi. Makina sasonkhanitsa chithunzi monga kamera. Zimene amasonkhanitsa pakati pa k-space ndi zimene zimalamula kuti chowala n'chiti ndipo chakuda n'chiti, pomwe za m'mphepete zimapereka kuthwa kwa mizere. Sikwensi ya masekondi 40 ikhoza kukhala ndi masekondi anayi kapena asanu okha amene ali ofunika pa kuwala. Mukasankha dongosolo la elliptical centric, pakatipo pamajambulidwa koyambirira. Mukasankha la linear, pamajambulidwa pakati pa nthawi ya sikwensi, ndipo nthawi yodikira imawerengedwa motere: nthawi yofikira kontrasiti, kuwonjezerapo theka la nthawi yobaya, kuchotsapo theka la nthawi yojambula. Pa kujambula koyambaku akatumba anali pa elliptical centric, zomwe zinali zoyenera, koma pakati pa k-space panagwera pa sekondi 62 mpaka 66. Monga tinadzaonera pambuyo pake, yobwerera ya kumanzere inali itayamba kuwala masekondi pafupifupi 18 m'mbuyomo.

Tinenenso kuti gawo lachiwiri la jakisoni, lija lapang'onopang'ono, silinathandize mwendo umenewu. Linkangothira kontrasiti mu dziwe limene linali litasefukira kale. Ena akaona zithunzi zoipa amaganiza zowonjezera mlingo ulendo wotsatira. Pa vuto ili kutero kumangowalitsa yobwerera mopitirira.

Kujambula kwachiwiri: akatumba ndi phazi zokha

Popeza mimba ndi ntchafu zinali zitaoneka kale, panalibe chifukwa chozibwerezera. Wodwalayo anabweranso patatha masiku awiri. Malangizo a ESUR, bungwe la ku Ulaya la madokotala a zithunzi za impso ndi njira ya mkodzo, amati kwa munthu wa eGFR yoposa 30 papite maola anayi pakati pa majakisoni awiri a gadolinium, ndipo kwa wa eGFR yochepera 30 papite masiku asanu ndi awiri, choncho mpatawo unali wokwanira. Mlingo wonse wa tsikuli unali 0.1 mmol pa kilogalamu, mamililita 14, theka la ulendo woyamba.

Ntchito inayambira pa kugoneka wodwala, ndipo inatenga nthawi yaitali kuposa kujambula kwenikweni. Anapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu mphindi 40 asanalowe. Mabandeji anayang'anidwa kuti alibe zopanira zachitsulo. Pansi pa mawondo panaikidwa pilo wochepa, zidendene zinakwezedwa pa siponji kuti akatumba asapanikizike pa tebulo, ndipo mapazi anaweramitsidwa pang'ono kuti dorsalis pedis, mtsempha wopita wa pamwamba pa phazi, alowe mu gawo lojambulidwa. Phazi loimirira limatulutsa zala kunja kwa bokosi lojambula, ndipo mumazindikira zitatha kale. Pakati pa akakolo panalowa siponji ndipo miyendo inamangidwa ndi malamba ofewa. Wodwalayo anauzidwa momveka kuti kwa mphindi zitatu asagwedeze ngakhale chala.

Kanyula inali ya 20G pamalo omwe aja a mkono wamanja. Isanalumikizidwe ku pampu, inayesedwa ndi madzi amchere mamililita 10 pa dzanja mofulumira, wina atagwira pamwamba pa nsonga yake kuti amve ngati pakutupa. Kenako pampu inayesedwanso ndi madzi amchere pa liwiro limene tidzagwiritse ntchito. Kanyula yaing'ono ya kuseri kwa dzanja, kapena yopindika pa chigongono, imakweza mphamvu yokankhira, ndipo mapampu ambiri akafika pa malire amachepetsa liwiro okha osaima. Zikatero nthawi zonse zimene mwawerengera zimasokonekera mwakachetechete.

Jakisoni woyamba anali wa mamililita 4 pa liwiro la 1.5 pa sekondi, kutsatiridwa ndi madzi amchere mamililita 25 pa liwiro lomwelo. Madzi amcherewa si okongoletsa. Chubu cha pampu ndi mitsempha ya pamkono zimasunga mamililita angapo, ndiye mukabaya mamililita 4 popanda chowakankha, ambiri amatsalira m'mkono n'kumalowa modontha. Liwiro la madzi amchere liyenera kufanana ndi la kontrasiti, apo ayi mchira wa kontrasiti umatambasuka.

Sikwensi inali yojambula mobwerezabwereza, ya mtundu umene unafotokozedwa mu 1996 ku Wisconsin ndipo lero umapezeka ndi mayina osiyana: TRICKS pa makina a GE, TWIST pa a Siemens, 4D-TRAK pa a Philips. Imabwereza pakati pa k-space kawirikawiri n'kumabwereka za m'mphepete ku zithunzi zoyandikana, motero imatulutsa chithunzi chatsopano masekondi owerengeka alionse. Apa chinkatuluka masekondi anayi alionse kwa masekondi 90. Ubwino wake ndi wakuti simufunika kulosera nthawi. Mumayamba kontrasiti isanafike n'kudzasankha chithunzi chabwino pambuyo pake, mwendo uliwonse chakechake.

Zimene zinaoneka ndi izi. Kumanzere popliteal, mtsempha wopita wa kuseri kwa bondo, anawala pa sekondi 32. Pa 36 mitsempha ya m'munsi mwa bondo inali itadzaza. Pa 44 yobwerera inayamba kuoneka, kuyambira kuphazi kukwera, ndipo pa 52 inali itafanana ndi yopita. Kumanja kontrasiti inafika pa 40, ndipo yobwerera sinaoneke mpaka pa 72. Mwendo wodwala, ngakhale unali ndi kupapatiza m'ntchafu, unalandira kontrasiti msanga kuposa wabwino. Ambiri amayembekezera zosiyana, ndipo kwa wodwala wopanda kutupa zimakhaladi zosiyana, koma kutupa kumakoka magazi.

Mpata woyera wa kumanzere unali kuyambira 36 mpaka 44, masekondi asanu ndi atatu. Palibe jakisoni mmodzi wa masiteshoni atatu amene akanaugwira.

Tinadikira mphindi 10 kuti kontrasiti yoyambayo isungunuke m'thupi, kenako tinatenga masiki atsopano. Masiki akale sagwiranso ntchito, chifukwa tsopano mitsempha yobwerera ndi minofu zili ndi kontrasiti yotsalira imene iyenera kuchotseredwa. Jakisoni wachiwiri anali wa mamililita 10, pa liwiro lomwe lija la 1.5, ndi madzi amchere 25. Liwiro silinasinthidwe dala, kuti nthawi zimene tinayeza zikhalebe zoona. Chimene chimasintha ndi kutalika kwa jakisoni: masekondi pafupifupi 7 m'malo mwa 3, zomwe zimakankhira nsonga ya kuwala m'tsogolo ndi masekondi ngati awiri. Choncho sikwensi ya zithunzi zakuthwa, ya elliptical centric, ya timabokosi topanga chithunzi ta milimita imodzi mbali zonse, inayambitsidwa pa sekondi 37.

Kusankha 37 kunali ndi mtengo wake. Pa masekondi oyamba a sikwensiyo kontrasiti inali ikungoyamba kufika kumanja, ndipo pakati pa k-space pakajambulidwa kontrasiti ikukwera mofulumira, mtsempha umatuluka ndi mzere wakuda pakati ndi mizere yowala m'mbali, vuto limene limadziwika ndi dzina la Maki. Wosazolowera angaganize kuti khoma la mtsempha lang'ambika. Kumanja kunatulukadi chotero. Tinavomereza, chifukwa mwendo wamanja unali utaoneka bwino ulendo woyamba ndipo funso silinali pa iwo. Tikanachedwetsa mpaka 42 kuti tikondweretse miyendo yonse, tikanataya womwe tinabwerera.

Za malamba a BP a m'ntchafu

Njira ina yochedwetsa yobwerera ndi kumanga malamba a BP pakati pa ntchafu n'kuwapopa mpaka 50 kapena 60 mmHg, mphindi zingapo masiki asanatengedwe, n'kuwasiya chotero mpaka kumapeto. Mphamvu imeneyo imatseka yobwerera koma yopita imapitirira. Yobwerera imadzaza ndi magazi opanda kontrasiti, ndipo kontrasiti ikafika imachedwa kulowa ndiponso imasungunuka. Imathandizadi, ndipo kwa wodwala amene muli ndi mwayi wa jakisoni mmodzi yekha ndi yoyenera kuiganizira. Chofunika ndi chakuti malamba apopedwe masiki asanatengedwe, chifukwa mukapopa pakati mwendo umasintha maonekedwe ndipo kuchotsera kumalephera.

Kwa wodwala uyu sitinawagwiritse ntchito. Anali ndi ululu ngakhale atagona chete, ndipo lamba wofinya kwa mphindi zingapo akanamupangitsa kusuntha, lomwe linali theka la vuto la ulendo woyamba. Komanso lamba akanakhala pafupi ndi malo opapatiza aja, pamene mphamvu ya magazi yatsika kale. Kwa amene ali ndi mtsempha woikirira m'ntchafu kapena magazi oundana m'mitsempha yobwerera, malambawa timawapewa.

Zotsatira

Anterior tibial ya kumanzere inali yotsekeka kuyambira masentimita ochepa pansi pa poyambira pake. Posterior tibial inali yotseguka kumtunda, n'kutsekeka cha pakati pa katumba osabwereranso. Mzere uja wa pa MIP yoyamba unalidi wa yobwerera iwiri. Peroneal yekha ndi amene anatsika mpaka pa kakolo, ali ndi kupapatiza kwakufupi pafupi ndi poyambira pake. Kuchokera ku nthambi yake yakutsogolo, timitsempha tolambalala tinkadzaza dorsalis pedis.

Dorsalis pedis ameneyu anaoneka pa zithunzi zobwerezabwereza zokha, pa sekondi 44 mpaka 48, chifukwa magazi ankafika mozungulira. Pa sikwensi yakuthwa ya pa sekondi 37 ankaoneka mwa apo ndi apo, ndipo tikanadalira iyo yokha tikanalemba kuti ndi wotsekeka. Mbali inayo, kupapatiza kwa peroneal kunayezeka bwino pa sikwensi yakuthwa, pomwe pa zobwerezabwereza, za timabokosi tokulirapo, kunkaoneka koipa kuposa mmene kunalili. Timabokosi tikakula, kupapatiza kumakokomezeka, ndipo MIP imawonjezera bodzalo. Kuyeza kumayenera kuchitika pa zithunzi zodulidwa mopingasa mtsempha.

Anjiyogalamu ya kateta, kujambula mitsempha ndi X-ray polowetsamo kachubu, imene inachitika sabata yomweyo inagwirizana ndi zimenezi. Malo opapatiza a superficial femoral ndi a peroneal anatsegulidwa ndi baluni, ndipo popeza mapu analipo kale, kontrasiti ya ayodini imene inagwiritsidwa ntchito inali yochepa, zomwe zinali zofunika kwa impso za eGFR 48.

Zimene zikanachitika kuyambira pachiyambi

Zizindikiro zonse zinali pa kalata yotumizira: shuga, chilonda, phazi lofiira, ululu wa usiku. Wodwala wotere amayenera kuyamba ndi akatumba. Njira yake ndi ya majakisoni awiri pa ulendo umodzi: woyamba wochepa wa akatumba ndi phazi, mobwerezabwereza, kenako kudikira mphindi 10, masiki atsopano, ndi wachiwiri wa mimba ndi ntchafu pa masiteshoni awiri. Kontrasiti yotsalira siivutitsa mitsempha ikuluikulu ya kumtunda. Chimene mungaone ndi impso, mipaipi ya mkodzo ndi chikhodzodzo zitawala pa masiki, ndipo mkodzo ukasuntha pakati pa zithunzi ziwiri umasiya mabala pa kuchotsera. Kumuuza wodwala akataye madzi asanagone kumachepetsako zimenezi. Dongosolo lotembenuza, kuyamba kumtunda n'kumalizira akatumba, ndi loipa, chifukwa mlingo waukulu umakhala utadetsa kale malo a mitsempha yaing'ono.

Jakisoni mmodzi wa masiteshoni atatu akadali ndi malo ake. Kwa munthu amene amamva kupweteka kwa akatumba poyenda basi, wopanda chilonda, amene funso lake lili pa iliac ndi femoral, ndi njira yachangu ndi yokwanira. Ngakhale pamenepo, masekondi alionse amene mungadule pa masiteshoni awiri oyamba, pochepetsa makulidwe a bokosi kapena kukweza parallel imaging, njira yofulumizitsa kujambula, ndi phindu kwa akatumba.

Msampha wina umene umagwira anthu ndi kusintha mtundu wa kontrasiti osasintha pampu. Gadobutrol ali ndi mphamvu ya 1.0 mmol pa mililita, kuwirikiza kawiri gadoterate ndi gadoteridol. Kwa wodwala wa makilogalamu 70, mlingo wa 0.1 mmol pa kilogalamu ndi mamililita 7, osati 14. Mukasiya liwiro pa 1.5, jakisoni amatha m'masekondi osakwana 5, ndipo pa njira ya tebulo loyenda kontrasiti imatha m'mitsempha yopita tebulo lisanafike pansi. Liwiro liyenera kutsika ndi theka kuti kutalika kwa jakisoni kukhale komwe kuja, ndipo madzi amchere amafunika kwambiri chifukwa mililita iliyonse yotsalira m'chubu yanyamula mankhwala owirikiza.

Palinso odwala a mbali inayo, amene magazi awo amayenda pang'onopang'ono: a mtima wofooka, kapena a aorta yofufuma imene kontrasiti imazungulira m'thumba lake isanatuluke. Kwa iwo tebulo likhoza kupitirira kontrasiti, ntchafu n'kujambulidwa zisanadzaze, ndipo mtsempha wabwino n'kuoneka ngati wotsekeka. Poonera pompopompo, dikirani mpaka kontrasiti idutse thumbalo n'kufika pa mphanda ya iliac musanayambitse. Ngati pali kukayika, jakisoni woyesera wa mililita imodzi kapena awiri, woyang'aniridwa pa popliteal osati pa aorta yokha, amapereka nthawi yeniyeni ya mwendo uliwonse.

eGFR ya wodwalayu ikanakhala pansi pa 30, tikanayamba ndi sikwensi yopanda kontrasiti monga QISS, imene Robert Edelman ndi anzake anafotokoza mu 2010. Imadalira magazi atsopano olowa mu kagawo kamene kazimitsidwa, ndipo imazimitsa dala magazi obwerera, motero vuto la lipotili silikhalapo. Imafuna kulumikizidwa ku ECG, makina otsata kugunda kwa mtima, ndiye kwa munthu amene mtima wake ukugunda mosakhazikika magawo ena amatuluka akuda, ndipo mitsempha yoyenda mopingasa kagawo, monga poyambira anterior tibial, imatha kuoneka yopapatiza pomwe ili bwino. Sionetsanso dongosolo la kafikidwe ka magazi, limene kwa bambo uyu ndi limene linaulula kuti dorsalis pedis ali moyo ndipo akudyetsedwa ndi peroneal.